Ngalande zobisika m'dzino la premolar la m'munsi: X-ray imodzi, ziwiri, kapena CBCT?

Mayi wina wa zaka za m'ma 40 analowa m'chipinda chathu cha mano m'mawa wina atagwira tsaya, dzanja linalo atanyamula envelopu yokwinyika. M'katimo munali kafilimu ka X-ray. Dzino lawo la m'munsi kumanzere, lachinayi kuchokera pakati, analichita root canal (kutsuka ndi kumata ngalande, timipata ta mkati mwa muzu momwe mumakhala mtsempha wa dzino) kwina miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, koma akaluma chimanga chokazinga linkabaya, ndipo pa nkhama panali kachotupa komwe kankaphulika, kuuma, n'kubweranso. "Adokotala, ingolizulani, ndatopa nalo," anatero asanakhale n'komwe pampando.

Nditaunika kafilimu kaja, ntchito inkaoneka yaukhondo. Mzere woyera wa gutta-percha, chomatira ngalande chonga mphira, unatsika bwinobwino mpaka kunsonga kwa muzu. Ndinawapempha kuti tijambulenso, koma ulendo uno ndinasuntha mutu wa makina kuti uloze cham'mbali. Pa chithunzi chachiwiricho mzere woyera uja sunalinso pakati pa muzu. Unatsamira mbali imodzi, ndipo pafupi nawo panaoneka kamzere kakuda kopyapyala ngati ulusi. Inali ngalande yachiwiri, ya mbali ya lilime, yomwe sinakhudzidwepo. Amene anagwira dzinolo poyamba sindimunena kuti ndi waulesi. Anajambula chithunzi chimodzi, chithunzicho chinamuuza kuti ngalande ndi imodzi, iye n'kukhulupirira.

Ndikulemba izi poganizira anzanga a ntchito ya mano, ophunzira, ndiponso odwala amene auzidwa kuti "pitani mukajambulitse" n'kumadabwa kuti zithunzi zonsezi zikusiyana pati.

Mukawerenga mano a m'munsi kuchokera pakati, awiri oyamba ndi odulira, lachitatu ndi losongoka lija, ndipo lachinayi ndi lachisanu ndiwo ma premolar. Pa khadi la wodwala timawalemba 34 ndi 35 kumanzere, 44 ndi 45 kumanja. Kuwaona kunja ndi mano ofatsa: mutu waung'ono, muzu kawirikawiri umodzi, kutalika pafupifupi mamilimita 22. Koma mu 1979 katswiri wa mano Slowey analemba kuti mano amenewa angakhale ovuta kuposa ena onse pa ntchito ya root canal, ndipo kafukufuku wotchuka wa ku University of Washington anapeza kuti premolar yoyamba ya m'munsi ndiyo inkatsogola pa kulephera kwa chithandizochi, ndi mano 11.45 pa 100 aliwonse.

Chifukwa chake chinaonekera poyera mu 1984, pamene Frank Vertucci anafalitsa zomwe anaona m'mano 2,400 ozulidwa. Pa ma premolar oyamba a m'munsi, 70 pa 100 anali ndi ngalande imodzi yokha kuchokera pamwamba mpaka pansi. Koma 24 pa 100 anali ndi ngalande yoyamba imodzi, kenako n'kugawika pawiri mkati mwa muzu, iliyonse n'kukatulukira payokha. Mtundu umenewu iye anautcha Type V. Ganizirani mtengo wa legeni mutauzondotsa, chogwirira chili m'mwamba, mphanda zili pansi. Ukatsegula dzino umaona bowo limodzi, mphambano ili kutali mumdima. Premolar yachiwiri ndi yosavuta chotero: 97.5 pa 100 inali ndi ngalande imodzi.

Pali china chimene chimatikhudza ife mwachindunji. Mu 1986 Trope, Elfenbein ndi Tronstad anayerekeza zithunzi za odwala akuda ndi azungu ku Philadelphia. Premolar yoyamba yokhala ndi ngalande zoposa imodzi anaipeza mwa odwala akuda 32.8 pa 100, pamene mwa azungu inali 13.7 pa 100. Pa premolar yachiwiri zinali 7.8 ndi 2.8. Anthu a ku Philadelphia si a ku Dedza kapena ku Chipata, koma akatswiri ofufuza mano a mitundu ya anthu, monga Joel Irish, anaonanso kuti muzu wa premolar yoyamba wokhala ndi mkwasa wakuya kapena wogawika, womwe amautcha Tomes' root, umapezeka kwambiri mwa anthu a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ndiye munthu wa kwathu akakhala pampando ndi dzino 34 kapena 44, ine ndimayamba ndi maganizo akuti ngalande zilipo ziwiri, mpaka zithunzi zitanditsimikizira kuti ndi imodzi.

Chithunzi chimodzi cholunjika

Kafilimu kakang'ono koika m'kamwa, kapena sensa yolumikiza ku kompyuta, ndiye poyambira pa aliyense. Njirayi ndi yakale: Röntgen atatulukira X-ray mu 1895, Otto Walkhoff wa ku Germany anajambula mano ake omwe mu 1896, atagona chete mphindi 25. Lero sekondi imodzi sikwana. Mtengo wake ndi wotsika, mphamvu ya cheza yolowa m'thupi ndi yochepa kwambiri, ndipo pa kuthwa kwa chithunzi kafilimu kabwino kamaposa ngakhale CBCT, makina ojambula dzino mbali zonse omwe ndiwalongosola kutsogoloku.

Vuto lake ndi lakuti ndi chithunzithunzi, ngati cha munthu pakhoma. Ngalande za premolar zikagawika, imodzi imapita mbali ya tsaya, ina mbali ya lilime. Cheza chimalowera kutsaya n'kutulukira kulilime, motero ziwirizo zimasanjikizana n'kuoneka ngati imodzi. N'zimene zinachitika pa dzino la mayi aja.

Komabe chithunzi chimodzi chimanong'oneza, ngati munthu akuchiyang'ana modekha. Ngalande yakuda bwino yomwe ikutsika kenako n'kuzimiririka mwadzidzidzi pakati pa muzu sinathere pamenepo ayi, yagawika kukhala ting'onoting'ono tiwiri. Ngalande yosakhala pakati pa muzu ikutanthauza kuti ili ndi inzake. Muzu wonenepa chapakati m'malo mosongoka pang'onopang'ono, kapena wokhala ndi mizere iwiri m'mphepete, nawonso ndi wokayikitsa. Ndimalimbikitsa ophunzira kuti aziyang'ana chithunzicho atachikulitsa, asanagwire chida chilichonse.

Palinso msampha wina pamalo omwewa. Pafupi ndi nsonga za mizu ya ma premolar, fupa la nsagwada lili ndi kabowo kachilengedwe kotchedwa mental foramen, kotulukira mtsempha wopita ku mlomo wa m'munsi ndi kuchibwano. Pa chithunzi kamaoneka ngati kadontho kakuda, ndipo kakagwera pansonga ya muzu kamafanana ndi chithupsa cha mafinya. Mano abwinobwino aboolapo chifukwa cha kadontho kameneka. Kuyesa dzino ndi chozizira kuti tione ngati likadali lamoyo kumathandiza, koma chimene chimathetsa mkangano ndi chithunzi chachiwiri: chithupsa chimamatirira kunsonga kwa muzu, kabowo kachilengedwe kamasuntha.

Zithunzi ziwiri, chachiwiri chopendeka

Apa ndi pamene mtima wanga uli, chifukwa njirayi siifuna makina atsopano, imangofuna filimu ina imodzi ndi mphindi zitatu. Mfundo yake anailongosola Charles Clark ku London mu 1910. Aliyense amene anakwerapo minibasi akuidziwa kale: mitengo ya m'mphepete mwa msewu imathamangira kumbuyo, pamene phiri lakutali limaoneka ngati likupita nanu limodzi. Mutu wa makina a X-ray uli kunja kwa tsaya, choncho ngalande ya kulilime ndiye phiri lakutali, ya kutsaya ndiye mtengo wapafupi. Mukasunthira makina kutsogolo kwa kamwa, ngalande ya kulilime imasunthira komweko pa chithunzi, ya kutsaya imapita kwina. M'kalasi amaloweza lamuloli ndi zilembo zakuti SLOB (same lingual, opposite buccal: ya kulilime komweko, ya kutsaya kwina).

Kachitidwe kake ndi kotere. Jambulani cholunjika choyamba, filimu itagwiridwa ndi chogwirira chake, osati chala cha wodwala, chifukwa chala chimapinda filimu. Kenako, filimu ili malo omwewo, sunthani mutu wa makina cham'mbali madigiri 20 mpaka 40, kuchokera kutsogolo. Osasintha kukwera kapena kutsika kwake. Madigiri akachepa ngalande sizilekana, akachuluka muzu umakwerana ndi wa dzino loyandikana nalo ndipo chithunzi chimasokonekera. Pansi pa lilime pamapweteka filimu ikakanikiza, ndipo wodwala akaumitsa lilime filimu imakwera n'kudula nsonga ya muzu. Ndimawauza kuti, "Bambo, lekani lilime ligone, pumirani m'mphuno, tsekani pakamwa pang'onopang'ono." Akatseka, minofu ya pansipo imafewa yokha ndipo filimu imatsika.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pakati pa chithandizo. Mukalowetsa kafayilo (kachitsulo kopyapyala kopalira ngalande) m'ngalande n'kujambula mopendeka, kafayilo kakaoneka pakatikati pa muzu mtima ukhale pansi. Kakatsamira mbali imodzi, funani mbali inayo.

Malire ake alipo, ndipo sindiwabisa. Ngalande ikagawikira pansi kwambiri, mamilimita atatu kapena anayi omaliza, zithunzi ziwiri zikhoza kungokupatsani chikayiko popanda yankho. Ngalande zitatu zimavuta kuziwerenga. Ndiye pali mtundu wina womwe ngalande siikhala yozungulira koma yopindika ngati chilembo C, motsatira mkwasa wa kunja kwa muzu. Khoma la dzino pa mkwasapo limakhala lopyapyala kwambiri, losavuta kuboola, ndipo filimu wamba siingakuuzeni kupyapyala kwakeko.

OPG

Chithunzi chachikulu choonetsa nsagwada zonse, chomwe makina amazungulira mutu, ndi chabwino poona mano osatuluka, fupa lothyoka kapena chotupa chachikulu. Pa nkhani yowerenga ngalande sichithandiza. Chimakulitsa zinthu mosafanana, sichithwa mokwanira, ndipo chigawo cha ma premolar n'chimene mano amakonda kukwerana. Wodwala akabwera nacho ndimachiyang'ana ndithu, koma sinditsegula dzino modalira chimenechi, ndipo sindingatume munthu kukalipira OPG chifukwa cha root canal ya dzino limodzi.

CBCT

Makina awa anayamba kudziwika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene gulu la Mozzo ku Verona, Italy, linafalitsa za makina a NewTom mu 1998, ndipo gulu la Arai ku Japan linatulutsa ake mu 1999. Amazungulira mutu kamodzi n'kujambula zithunzi mazanamazana, kompyuta n'kuziphatikiza kukhala chinthu chomwe ungachidule mbali iliyonse. Kunena zoona, tsiku loyamba kuona premolar pa CBCT ndinakhala chete kwa kanthawi. Umatsika ndi muzu ngati ukudula nzimbe mapisi opyapyala: pamwamba bowo limodzi lozungulira, kutsika pang'ono latambalala, kutsikanso lapanga chiuno pakati, kenako mabowo awiri. Umadziwa kuti mphambano ili pa mamilimita angati, yapendekera kuti, khoma ndi lochindikala bwanji, ndiponso mtsempha wa mlomo uli patali bwanji ndi nsonga ya muzu.

Phindu la kudziwa zimenezi si laling'ono. Mu 2016 Karabucak ndi anzake anaunika zithunzi za CBCT za mano omwe anachitidwa kale root canal, n'kupeza kuti pafupifupi 23 pa 100 anali ndi ngalande yophonyedwa, ndipo mano oterowo anali ndi mpata wochuluka maulendo 4.38 wokhala ndi chilonda kunsonga kwa muzu.

Nanga bwanji osangojambula aliyense? Choyamba ndi cheza. Munthu aliyense amalandira cheza chachilengedwe kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba, pafupifupi ma microsievert (muyeso wa cheza) 2,400 pa chaka, kapena 6 mpaka 7 patsiku. Kafilimu kamodzi ka m'kamwa, pa makina osamalidwa bwino, n'kofanana ndi cheza cha tsiku limodzi kapena kucheperapo. Ludlow ndi anzake atasonkhanitsa miyeso ya makina osiyanasiyana mu 2015, anapeza kuti CBCT ya chigawo chaching'ono imapereka ma microsievert pakati pa 5 ndi 652, ndipo pakatikati pake ndi 84, zomwe zikufanana ndi pafupifupi milungu iwiri. Si zoopsa kwa munthu wamkulu amene akufunikiradi, koma si zopereka mwachisawawa, makamaka kwa ana, omwe matupi awo amamva cheza kwambiri. Ndiye chifukwa chake mabungwe a ku America a akatswiri a root canal (AAE) ndi a zithunzi za m'kamwa (AAOMR), m'chikalata chawo cha 2015, anati filimu ya m'kamwa ikhale yoyamba, ndipo CBCT ya chigawo chaching'ono igwiritsidwe ntchito pa mano okayikitsa kuti ali ndi ngalande zoonjezera kapena mizu yosokonekera. Bungwe la ku Ulaya la akatswiri a root canal (ESE) limanenanso chimodzimodzi: dzino lililonse liganiziridwe palokha.

Chachiwiri, CBCT si imodzi. Kuthwa kwake kumadalira kukula kwa timadontho topanga chithunzi, totchedwa voxel, tomwe timayambira pafupifupi mamilimita 0.075 mpaka 0.4. Chithunzi chachikulu chojambulira nsagwada yonse, monga cha okonzekera kuika implant (muzu wachitsulo wa dzino loikirira), chimakhala ndi timadontho tikulutikulu, ndipo kangalande kopyapyala kangathe kusowamo. Mukamatuma wodwala, lembani momveka: dzino lakuti, chigawo chaching'ono cha masentimita 4 kapena 5, voxel yaing'ono. Mukangolemba "CBCT" basi, munthu akhoza kulipira zambiri, kulandira cheza chambiri, n'kubwera ndi chithunzi chosayankha funso lanu.

Chachitatu, zitsulo ndi gutta-percha zimamwaza cheza n'kupanga mizere yoyera ndi yakuda yomwe ingabise ngalande kapena kunamizira mng'alu. Wodwala akagwedezeka pang'ono, kuthwa konse kumatha. Ndipo amene walamula chithunzicho ali ndi udindo wowerenga chonse, osati dzino lake lokhalo.

Chachinayi n'chimene tonse tikuchidziwa. Makinawa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka wamba. Kwa munthu wa kumudzi, mawu akuti "kajambulitseni CBCT" akutanthauza thiransipoti, malo ogona, masiku osagwira ntchito, kuphatikiza mtengo wa chithunzicho. Ambiri akamva zimenezi amasankha kuzula. Choncho ine ndimatuma munthu pokhapokha zithunzi ziwiri zasonyeza kuti pali chachilendo koma sizikunena kuti n'chiyani, kapena ndatsegula dzino n'kulephera kupeza ngalande yomwe ndikudziwa kuti ilipo, kapena root canal yalephera popanda chifukwa chooneka, kapena pakufunika opaleshoni kunsonga kwa muzu pafupi ndi mtsempha uja. Funso lomwe ndimadzifunsa ndi lakuti: chithunzichi chikabwera, kodi chisintha zimene ndichite? Ngati yankho ndi ayi, munthuyo asavutike ulendo.

Maso ndi zala

Chithunzi chili chonse chimangokuuza kuti ngalande ilipo. Kuilowa ndi nkhani ina. Mutu wa premolar yoyamba umapendekera kulilime poyerekeza ndi muzu wake, motero woboola molunjika ndi mutuwo akhoza kutulukira pambali. Ndipo ngalande ya kutsaya imakhala yolunjika ndi bowo, kafayilo kamangogweramo, pamene ya kulilime imapatuka mwadzidzidzi pakhoma. Pofuna kuipeza, bowo lolowera liyenera kukulitsidwa pang'ono chakulilime, kenako n'kutenga kafayilo kakang'ono, nambala 8 kapena 10, kupinda nsonga yake, n'kumakwanda nako khoma la kulilime pang'onopang'ono mpaka katakodwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pena zimatenga mphindi makumi awiri, chala chikungomvetsera.

Magalasi okulitsa ovala kumaso, okulitsa kawiri ndi theka kapena kanayi, okhala ndi nyali yake, amasintha ntchito kwambiri pa mtengo womwe chipatala chaching'ono chingakwanitse. Maikulosikopu ya mano imakulitsa mpaka maulendo 20 ndi kupitirira, ndipo nayo mphambano ya pakati pa muzu umaiona ndi maso. Ndikanapatsidwa ndalama zogulira chinthu chimodzi m'chipatala cha boma laling'ono, ndikanayamba ndi magalasi, zogwirira filimu ndi apex locator, CBCT pambuyo. Apex locator siiona ngalande, imangoyeza pomwe ngalande yathera, koma pa mano awa ndi yofunika chifukwa mankhwala otsukira a sodium hypochlorite kapena zomatira zikapyola nsonga pafupi ndi mtsempha, mlomo ukhoza kuchita dzanzi kwa nthawi yaitali.

Njira za mu labotale

Ziwiri zotsalazi sizigwira pa munthu wamoyo, koma ndi kumene manambala onse aja amachokera. Micro-CT imajambula dzino lozulidwa ndi timadontho ting'onoting'ono kwambiri kuposa CBCT, mpaka kuonetsa tinthambi ta m'mbali, ndipo ofufuza amaitenga ngati muyeso woyesera njira zina zonse. Tsatanetsatane wotereyu ndi amene anachititsa Ahmed ndi anzake kupanga kalembedwe katsopano ka ngalande mu 2017, poona kuti magulu asanu ndi atatu a Vertucci sakukwana.

Njira inayo ndi yomwe Vertucci mwiniwake anagwiritsa ntchito, ndipo ndimaikonda chifukwa ndi yotheka kwathu kuno. Dzino lozulidwa amalithira utoto m'ngalande, kulifewetsa mu asidi, kuliumitsa mu alcohol, kenako kulimiza m'mankhwala monga methyl salicylate mpaka litayamba kuonekera mkati ngati galasi. Ngalande zonse zimaoneka zakuda, ndi mphanda zake zomwe. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku Malawi mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project, ndipo ma dental therapist akhala akuphunzitsidwa kwa zaka zambiri ku Malawi College of Health Sciences. M'zipatala zathu mano amazulidwa tsiku ndi tsiku. Ndi chilolezo choyenera, wophunzira aliyense angathe kugwira m'manja premolar yoonekera mkati ya munthu wa kwathu, n'kuona legeni ija ndi maso ake asanakhudze wodwala. Amene waionapo kamodzi sajambulanso chithunzi chimodzi chokha.

Kwa inu odwala, ngati akuuzani kuti dzino lanu lachinayi kapena lachisanu la m'munsi likufunika root canal, si mwano kufunsa kuti, "Adokotala, ngalande zilimo zingati? Mwajambula mbali ziwiri?" Ndipo dokotala akanena kuti dzinoli lamukulira, akutumizani kwa wina, ameneyo wakuchitirani zabwino. Kuzula kuli ndi malo ake, dzino likang'aluka mpaka kumuzu kapena likawola kopanda pogwira, koma premolar ikachoka mpata wake umaoneka pomwetulira, ndipo mano oyandikana nawo amayamba kupendekeramo.

Mayi aja sitinawatume ku CBCT, chifukwa chithunzi chopendeka chinali chitayankha kale. Ndinachotsa gutta-percha yakale, kukulitsa bowo chakulilime, ndipo patapita nthawi ndithu kafayilo kanakodwa chapakati pa muzu n'kutsetsereka kulowa. Fungo lomwe linatuluka m'menemo linandiuza kuti ndafika pamene panali vuto. Tinatsuka, kuikamo mankhwala a calcium hydroxide, n'kumata mongoyembekezera. Atabweranso patatha milungu iwiri kachotupa kaja kanali katauma, ndipo tinamata ngalande zonse ziwiri. Patapita miyezi isanu ndi umodzi anabwera kudzajambulitsa, envelopu yawo yakale ija ili m'manja. Tinaika mafilimu awiriwo pamodzi pa kuwala, ndipo iwo eni analoza ndi chala pomwe mdima wa kunsonga kwa muzu unali utayamba kudzaza fupa.